Tsiku Limene Mayi Anasiya Kuopa Mfuti

Anzanga omvera, ndikulemba kuchokera kuno ku Phalombe. Mlongo wanga, msilikali wachinyamata, anaphedwa ku Congo komwe anapita kukasungitsa mtendere.

Mayi athu anathawa nkhondo ku Mozambique ali mtsikana. Ngakhale tayala la njinga likaphulika, ankathawira m'munda wa nandolo. Choncho tili kumanda, asilikali anzake akuika maliro a mlongo wangayo, ndinawanong'oneza mayi kuti, "Amayi, tiyeni kunyumba, asilikaliwa awomba mfuti posachedwa." Anachotsa dzanja langa paphewa pawo.

Mfuti zitalira, azibambo ena anagwa chafufumimba. Mayi anaima chilili n'kuimba nthungululu.

"Mfuti zinandithamangitsa kwathu," anatero. "Lero zikupereka ulemu kwa mwana amene ndinabereka ine!"

Inu amene wanu anatsala kunkhondo, lirani ndithu, koma musazolike.