Chifuwa cha Julaye

Unali mwezi wa Julaye, korona itavuta. Pa siteji ya ku Katawa amayi awiri osadziwana ankadikira galimoto, wina atavala zakuda ndi masiki. Winayo, wosavala zakuda, ndiye anayamba kulankhula.

"Monire mama. Taonani, mwana wanga am'bweza kusukulu. Akuti akutsokomola, akhale kunyumba masabata awiri. Mu Mzuzu muno, Julaye, ndani satsokomola?"

"Yewo mama. Ali sitandade chani?"

"Faivi. Ndam'fukiza bulugamu, mawa akalowa mwakachetechete. Aphunzitsi atsopanowa akuvuta chomene. Akale aja, a Mzumara, analibe zimenezi, ankalandira mwana aliyense."

"Ankalandiradi. Ankati mwana asajombe chifukwa cha chifuwa cha kuzizira. Masiki ankaitsitsa kuti okhala kumbuyo amve bwino."

"Eya, munthu wabwino ameneyo. Mwana anangoti anachoka. Anawasamutsira kuti?"

"Kumanda a ku Zolozolo. Ine ndine mkazi wawo. Tinakawaika tili ochepa, bokosi osatsegula, ana awo osaona nkhope."

"Pepani mama, sindinadziwe."

"Nawonso sabata yoyamba ankati ndi chifuwa cha Julaye. Mwanayo musungeni kunyumba. Aphunzitsi atsopanowo ali ndi mkazi."