Masokosi a ku Chelstone

Pa siteji ya mabasi a ku Chelstone, m'tauni, mzere unali wautali. Bambo wachikulire wovala yunifomu ya ulonda anayamba kucheza ndi mayi amene anaima patsogolo pake, beseni la tomato lili pamutu.

"Mwaona, amai? Miyezi itatu tsopano, amene anapha ba Rachael kwathu ku Chelstone sanapezeke."

"Ni akawalala aja, ba tate."

"Awe. Kawalala angasiye foni pa tebulo? Agalu awili, palibe anauwa. Pa tebulo panali makapu awili a tiyi. Uyo ni munthu wozolowela pa nyumba paja."

"Nanga angakhale ndani?"

"Munthu waulemu. Anavula nsapato pakhomo, monga tichitila ku nyumba ya akulu. M'magazi munali mapazi a masokosi okhaokha. Atamaliza, anamufunditsa chitenge cha ku chalichi. Nikuuzani, pa malilo analipo. Kapena ananyamulako na bokosi."

"Amuna anga ananyamulako. Ndiwo anali kumukonzela mapaipi."

"Ee, anthu abwino akalipo."

"Anamupha tsiku lanji, ba tate?"

"Lachiwili masana, tsiku la mvula ya matalala ija."

Basi inafika, anthu n'kuyamba kukankhana. Mayi uja sanasunthe.

"Amai, kwelani, izadzala."

"Tsiku lija amuna anga anabwela na nsapato chabe, kumapazi kulibe masokosi. Anati ananyowa na mvula, anawataya. Ine ninawaseka, ba tate. Ninawaseka, n'kuwagulila ena."