Tsiku Limene Ng'ombe Inanyambita Puluto

Olemekezeka a Meya a tauni yathu, Mayi Gunvor Lykke, olemekezeka aphunzitsi aakulu, Bambo Asger Thygesen, pamodzi ndi aphunzitsi nonse amene mwaima chotsamira khoma chifukwa mipando mwapatsa alendo, Abusa a Ejlif Brandt, amene mwatibwereka mabenchi a m'tchalitchi, a komiti ya sukulu, makolo, ndi inu ana asukulu amene mwavekedwa malaya a Lamulungu tsiku Lachitatu, ndikupereka moni kwa nonsenu.

Ndithokoze amisiri amene anamanga chipinda chatsopano cha sayansichi pa mphepo ndi pa mvula, ndithokoze makolo amene anapaka penti mpaka misana kuwawa, ndithokozenso aphunzitsi amene adikira zaka zambiri akuphunzitsira za moto m'kalasi momwe saloledwa kuyatsamo machesi.

Ine ndine Bodil Krogh, dokotala wa ziweto, ndipo moyo wanga wonse wathera m'makola a nkhumba. A Thygesen atandiimbira foni ndinawafunsa ngati sanasokoneze nambala. Anati ayi, chiyambire sukulu ino mwana amene anatuluka m'nyuzipepala chifukwa cha sayansi ndine ndekha. Zimenezo nzoona, kungoti iwo anawerenga mutu wokha.

Ndili ndi zaka khumi ankatiphunzitsa a Thorkild Ravn, munthu wamkulu thupi moti njinga yawo inkadandaula msewu wonse. Iwo ankakhulupirira kuti phunziro silinalowe ngati miyendo sinalimve. M'mawa wina wa Novembala anabwera ndi dzungu, nalikhazika pa mpando pakati pa bwalo, nati: "Ili ndi dzuwa." Kenako anatigawira mapulaneti, aliyense ndi kukula kwake ndi mtunda wake, zonse zowerengetsa bwino. A Meya athuwa, amene nthawiyo tinkangoti Gunvor, analandira kanjere ka mpiru, nakhala Mekyule, pafupi penipeni ndi dzungu. Dziko lathu linali njere ya tsabola, Jupita dzira la nkhunda. Ine anandipatsa supuni ya tiyi, pamwamba pake njere imodzi ya mchere.

"Iwe ndiwe Puluto," anatero a Ravn. "Malo ako ndi pa mlatho wa kwa a Mikkelsen, kunja kwa tauni."

"Ndikafika ndikaime, aphunzitsi?"

"Unaonapo pulaneti itaima? Uzikazungulira, nsanja ya tchalitchi izikhala kumanzere kwako, osaiyandikira, osaitalikira. Pulaneti siikhota, siipuma, mpaka itamva wezulo."

Ndinanyamuka. Kumbuyo kuno Gunvor anazungulira dzungu lija mwakhama kwambiri, chizungulire chinamugwira, nasanzira dzuwa. Musandiyang'ane choncho a Meya, mboni zilipo m'holo muno. A Ravn analiza wezulo, onse anathamangira zidebe ndi makolopa, nalowa m'kalasi. Kulira kwa wezulo sikufika kwa Puluto, ndipo palibe anawerenga mitu.

Ine ndinali pa ntchito. Ndinadutsa munda wa mbatata, ndinakwawa pansi pa waya, dzanja limodzi litatchinga supuni ku mphepo, nsanja ili kumanzere. Ndili m'busa la a Mikkelsen, ng'ombe ina inabwera mwaulemu, ninunkhiza supuni, nitulutsa lilime. Njira yanga inalunjika pa khomo la khitchini yawo, choncho ndinagogoda. Mayi Mikkelsen anali kuthira khofi.

"Pepani mayi, ng'ombe yanu yanyambita Puluto."

"Yamawangayo? Ndi yosusuka imeneyo, dzana inadya chipewa cha abambo a kuno. Ndiye Pulutoyo amagulitsa kuti?"

"Ndi mchere. Njere imodzi."

Anandithirira m'dzanja, ine ndinasankha yofanana ndi yoyamba ija. "Tenga ziwiri mwanawe," anatero, "kutsogoloko kuli ng'ombe zina." Ndinakana, poti Puluto ndi mmodzi. Kenako ndinapempha kudutsa pabalaza ndi kutulukira pa windo, chifukwa khomo lakumaso likanandiyandikitsa ku tchalitchi. Bambo Mikkelsen anatsitsa nyuzipepala, natukula miyendo kuti ndidutse, nanditsegulira windolo.

"Za kusukulu zimenezi?"

"Eya, sayansi."

"Ife tinkangoloweza," anatero, natseka windo.

Masana ana atatulutsa zakudya, buledi wanga wakuda wopaka chiwindi anatsala yekha pa desiki. A Ravn anafunsa kuti Bodil ali kuti. Gunvor anayankha: "Akadali kumwamba, aphunzitsi."

Bambo anga, pamodzi ndi wonyamula makalata ndi amuna ena, anathamangira ku mlatho, nayamba kunditsata. Khomo lililonse ankauzidwa chimodzimodzi: "Wangodutsa kumene, ndi supuni." Anandilondola ndithu, koma ankayenera kuima nyumba iliyonse, kufunsa, ndi kukana khofi, ndipo inu mukudziwa kuti kuno khofi sakanidwa kamodzi. A Ravn sanapite nawo. Anayala mapu pa tebulo, nabaya kampasi yojambulira mzere wozungulira pa tchalitchi, najambula njira yanga yonse, naona kuti ikudutsa pakatikati pa dambo la thope la kumadzulo, momwe chaka chapitacho munamira hatchi ndi ngolo yake. Anakwera njinga nalunjika komweko.

Mvula inali itayamba, kunja kukuchita mdima msanga monga kumachitira m'nyengo imeneyo. Ine ndinali m'mphepete mwa dambolo, thope lili m'akakolo. Ndinkadziwa za hatchi ija. Ndinkalira, zala zitauma ndi kuzizira, koma ndinkayendabe, poti palibe anandiuza kuti pulaneti imazungulira dambo. Ndinamva njinga ikudandaula kumbuyo.

"Bodil, ima pomwepo."

"Sindinamve wezulo, aphunzitsi."

Anapapasa matumba onse. Wezulo anali ataiwala pa tebulo, pambali pa mapu. Anaika zala m'kamwa kuti aimbe mluzu, mano awo oikirira analumpha, nagwera m'thope, ndipo ali momwemo mpaka lero.

"Phunziro latha, mwana iwe," anatero, mawu akutafunika. "Dzuwa kulibe. Gunvor walisanzira, talitaya."

"Munati dzuwa litachoka, pulaneti ingapite molunjika kutsogolo." Ndinaponda kutsogolo. Thope linafika m'mawondo.

Sanandikalipire, komanso sanayese kundigwira, poti ndinali patali pang'ono ndipo ndikanathawira kozama. Anagoneka njinga, nalowa m'thope ndi nsapato zawo zomwe, pang'onopang'ono, mpaka anaima pambali panga, akupuma ngati mvukuto.

"Nanga ndinati chiyani za chinthu chachikulu chikadutsa pafupi ndi chaching'ono?"

"Chimachikoka."

"Tandiyang'ana bwinobwino. M'tauni muno chilipo chachikulu kuposa ine?"

Ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka pomwe thope linalekezera. Panalibe chotsutsa. Iwo anayamba kubwerera m'mbuyo, ine ndikukokedwa monga lamulo linenera, mpaka tinaponda pouma.

Koma chokokedwa chimazungulira chochikoka. Choncho amene anali pa msewu madzulo amenewo anaona aphunzitsi opanda mano akukankha njinga, ndi kamtsikana kathope kakuwazungulira, supuni ili m'manja. Mayi anga anatichingamira pa sitolo.

"A Ravn, mwamutani mwana wanga?"

"Ndi mwezi wanga tsopano, mayi. Tikapeza wezulo asiya."

Mayi anayenda nafe, akundipatsa mpata ndikamadutsa, mpaka m'kalasi, momwe wezulo analira ndipo ine ndinakhala pansi ndi kugona.

Komiti inakumana, ambiri akufuna kuti a Ravn achotsedwe ntchito. Bambo anga anaimirira nati: "Mwanayu ndikamutuma kukatseka nkhuku samandimva. Ngati alipo munthu amene amamumvera mpaka m'dambo, musamuchotse, mungomuuza azisamala pakamwa." A komiti anawasiya a Ravn pa ntchito, koma anagamula kuti pa sukulu ino thambo lizithera pa Jupita, pa khomo la ophika buledi. Ena mwa inu makolo munakula mukuganiza kuti ndi pomwe limatheradi.

Patapita zaka zambiri, akatswiri atalengeza kuti Puluto asamawerengedwenso ngati pulaneti, a Ravn anandiimbira foni ali nkhalamba. "Bodil, wamva? Pepa mwana wanga, unayenda pachabe."

Sindinayende pachabe. Aphunzitsi amene mulowe m'chipinda ichi, dziwani kuti m'kalasi iliyonse muli mwana mmodzi amene amakhulupirira mawu anu onse, ndi aja omwe munangowanena mukufufuta bolodi. Munthu uja, ataima m'thope ndi mantha, akanatha kundiuza kuti zonsezo anali masewera chabe, dzungu ndi dzungu, mchere ndi mchere, ndipo mwina ndikanatuluka, koma sindikanamveranso mphunzitsi wina aliyense. Iye anafufuza m'phunziro lomwelo mpaka anapezamo choonadi chondifikitsa kwathu. Inu ana, mverani aphunzitsi anu, koma muzifunsanso kuti phunziro litha liti ndipo mudziwa bwanji.

Ndi mawu amenewa, ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chipinda cha sayansi cha sukulu ino chatsegulidwa tsopano. Aphunzitsi, polowa muwerenge ana, ndipo potuluka muwawerengenso.

Zikomo kwambiri.