Chimanga Chachiwisi

Pamzere woyezetsa korona ku Deira, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, Emelia anamva bambo wakumbuyo kwake akudandaula yekha m'Chichewa.

"Kwagwanji, achimwene?"

"Chimanga chawola kumudzi, achemwali. Pafamu pomwe ndimagwira ntchito timaphwanya chimanga chisanaume, n'kuchimata m'pulasitiki kuti mpweya usalowe. Ng'ombe zimadya chaka chonse. Ndinawauza akwathu ku Mchinji achite chomwecho, ndidzamatula ndekha ndikabwera. Basi ndege n'kuima chifukwa cha mliriwu."

"Ndiye chawola bwanji?"

"Amayi ataona thukuta m'pulasitikimo anati chimanga chonyowa satsekera. Ankatsegula m'mawa uliwonse kuti chipitidwe mphepo."

"Koma chakudya cha anthu chilipo?"

"Munda unali umodzi womwewo. Ndinawakakamiza ndine kukolola chachiwisi."

"Mayo ine!"

"Dzulo amayi amandifunsa ngati ng'ombe zakunozi zimasiyako pang'ono."