Tambala wa Mayi Namakhwa

Pa siteji ya Migowi, minibasi ikudikira kudzaza, mayi wina anayang'anitsitsa bambo amene anafungatira tambala ngati khanda.

"Bambo, tambalayu mukukafunsira naye mbeta?"

"Ayi mayi, ndikukazonda Mayi Namakhwa ku Jenala. Akudwala."

"Ndi achibale?"

"Ayi. Nthawi ya namondwe wa Freddy tinathawira pa sukulu, midzi iwiri yodana chifukwa cha malire a minda. Mayiwo ndi amene ankatiphikira phala ndi kusamala ovulala. Tsiku lina ufa utachepa, ine ndi Wilson wa mudzi winawo tinatolerana mipini."

"Akuluakulu ngati inu, ndevu pepeya, kumenyanirana phala?"

"Njala, mayi. Mayi Namakhwa anangoima pakati pathu, chipande chili m'manja. Amvekere, 'Poti mphamvu muli nazo, pali mtsikana woyembekezera apa, nthawi yake yakwana. Munyamuleni.' Mlatho unali utakokoloka. Tinamugoneka pa chitseko, ine kutsogolo, Wilson kumbuyo, ulendo wa kuchipatala."

"Mukutukwanizanabe?"

"Mpaka pamtsinje. Madzi atafika m'chiuno ndinangomva kumbuyoko, 'Achimwene, pondani bwino.'"

"Nanga mtsikanayo?"

"Anachira bwinobwino, mwana wamwamuna. Pano akuthamanga."

"Ndiye za malire zija zinatha?"

"Aaa, zimenezo tikukanganabe. Koma timakangana titakhala pansi. Mayiwo anati akadzamvanso za mipini, adzatipezera wina woti tinyamule."

"Kawauzeni achire msanga, bambo. Amuna ofunika kusenzetsedwa chitseko alipo ambiri. Wanga ndamusiya kunyumba, akulimbana ndi mlamu wake chifukwa cha mtengo wa mango."