Amayi anadzuka chifukwa cha wogulitsa nthochi

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ine ndine mtsikana wa Fomu 2, ndimakhala ku Geisha kuno ku Mzuzu. Pagulu sinditha kuyankhula, n'chifukwa chake umboni wangawu ndachita kulemba.

Chaka chatha amayi anga, amene amagwira ntchito ya ukalaliki m'boma, anawapeza ndi khansa ya m'matumbo. Anawachita opaleshoni ndipo anabwera kunyumba ali ndi kathumba pamimba kolandirira chimbudzi. Tsiku lotuluka m'chipatala namwino ananena kuti bala likayamba kupola aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, kuti thupi likhale ndi mphamvu yolandirira mankhwala a khansa. Ine ndinalemba mawuwo m'kabuku kanga kamene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku.

Kenaka azakhali anabwera kuchokera ku Kasungu kudzadwazika. Ndi munthu wachikondi kwambiri, koma iwo amati wodwala wa ku banja lolemekezeka saoneka panja. Amayi akati agwire tsache ankawalanda, akati apite pakhonde ankawabweza, madzi akumwa ankawapatsira pabedi. Amayinso ankachita manyazi ndi kathumbako, ndiye sankatsutsa. Patapita masabata angapo miyendo yawo inayamba kunjenjemera. Kuchipatala anati akapitiriza kufooka chonchi mankhwala aimitsidwa kaye.

Ine ndinkadziwa chimene chinalakwika, koma ndinkaopa kuwauza azakhali. Ndinkangopemphera kuti Mulungu atumize munthu wolimba mtima kuposa ine.

Loweruka lina m'mawa kunabwera NyaGondwe, mayi wa ku Msongwe amene amayenda khomo ndi khomo kugulitsa nthochi. Anafunsa chifukwa chake kasitomala wawo sakuonekanso, ndipo azakhali atafotokoza za matendawo, NyaGondwe anaseka mpaka kukhala pansi pa sitepe.

"Amama, ndiye mukuwasunga pabedi ngati mazira? Inetu kathumba komweko ndili nako pansi pa chitenjechi, chaka chachitatu chino. Beseni lalikulu ndinasiya kusenza, koma miyendo sindinasiye."

Azakhali anayankha kuti ogulitsa malonda anazolowera kuvutika, anthu a mu ofesi ndi ena.  Ndinathamangira kuchipinda, ndinatenga kabuku kaja n'kuwerenga mawu a namwino mokweza. Azakhali anandifunsa kuti:

"Iwe mwana, masiku onsewa unali chete ndi zimenezi?"

Tsiku lomwelo NyaGondwe analowa kuchipinda n'kuwaonetsa amayi mamangidwe a chitenje oti kathumba kasaoneke. Anayenda nawo mpaka pageti. Mawa lake anafika pa mpopi, kenaka pa golosale ya Che Saidi, amene anawaikira mpando panja kuti azipumirapo. Patatha mwezi amayi anatsika minibasi n'kuyenda okha kulowa m'chipatala, ndipo mankhwala analandira.

Sindikunena kuti achira. Akulandirabe chithandizo ndipo masiku ena amasanza, satuluka. Koma abwerera kutchalitchi, amaimanso ndi anzawo poimba.

Ndikuthokoza Mulungu, komanso NyaGondwe, yewo chomene. Inu amene mukudwazika musataye mtima, ndipo zimene achipatala anena muzizinena, ngakhale ndinu mwana. Azakhali sanabwerere ku Kasungu. Masiku ano amayenda ndi amayi m'mawa uliwonse, ndipo pa chitunda cha kumsika ndi iwo amene amatsalira kumbuyo akuitana kuti, "Mlamu, tadikirani, inetu ndine wabwinobwino koma mpweya watha!"