Doña Eufemia Carhuamaca, amene tinawasenzetsa mlandu wathu

Malemu Doña Eufemia Carhuamaca Taipe anabadwa m'chaka cha 1959 ku Lircay. Sukulu anayambira komweko, ndipo za sayansi anadzamalizira kuno ku Lima. Mu 1984 anakwatiwa ndi Don Nicanor Huaroto, amene anatsogola kale.

Kwa zaka makumi atatu anagwira nafe ntchito mu labotale yoyeza fumbi la miyala ya m'mapanga, kuti tidziwe mmene mvula inkagwera kalekale. Fumbilo limakhala lochepa, losadzaza ndi chikhadabo chomwe. Tinkalisungunula ndi asidi m'timabotolo n'kuyeza mpweya wotulukamo. Malemu anali ndi lamulo lawo: asanayeze fumbi, ankayamba ayeza timabotolo topanda kanthu, kuti adziwe mpweya wotsalira m'menemo ndi kuuchotsera pa zotsatira. Ife tinkawaseka kuti akutaya nthawi ndi asidi.

Mu 2016 tinali pa liwiro lofuna kutulutsa lipoti. Ine Anselmo Yupari, mkulu wa labotaleyo, ndinawauza kuti asiye timabotolo tawoto. Anandiyankha kuti, "Adokotala, kafumbi kochepa chonchi, muyezatu mpweya wa m'chipinda muno, osati mwala."

Mwezi umenewo anapita kukadwazika amuna awo, ife n'kuyeza tokha mwachidule. Zotsatira zinaonetsa chilala chachikulu cha makedzana, ndipo tinalengeza monyadira. Akatswiri anzathu atabwereza, anapeza kuti chilalacho kunalibe. Tinachita mantha, n'kulemba kuti wotsuka timabotolo, kutanthauza malemuwa, ndiye sanasamale. Malemu anapumitsidwa ntchito mu 2018. Komabe Khirisimasi iliyonse ankatitumizirabe chimanga chokazinga ndi tchizi cha kwawo. Tinkadya mwamanyazi.

Anali Mkatolika wolimbika, mmodzi wa amayi ofukiza lubani pa mdipiti wa mpingo wa mwezi wa Okutobala. Anayamba kudwala khansa ya m'mimba chaka chatha. Kawiri konse ndinafika pakhomo la chipatala kuti ndikapepese, n'kubwerera pomwepo. Atisiya Lachiwiri pa 11 Malichi.

Asiya ana awiri, Zoila ndi Fermín, zidzukulu zitatu, ndi mlongo wawo Don Teodosio. Inu ana, kwa zaka zisanu ndi ziwiri mwakhala mukumva kuti amayi anu anaononga ntchito. Tsiku loyezalo iwo kunalibe. Amene analamula ndine, ndipo kalata yovomera mlanduwo ndaitumiza dzulo kwa akuluakulu a kuntchito, amayi anu atagona kale m'bokosi.

Mzimu wawo uuse mu mtendere.